Jeke ya trolley yogwiritsa ntchito pakhomo, ndigule ya 2 ton kapena 3 ton?

Bambo_a_Wongani (Chibavi) analemba:

Akuluakulu muli bwanji nonse. Funso langa likupita kwa amene mumadziwa za zitsulo. Ndili ndi Sienta yakale ija ya 2008, ndimayendera ine ndi banja basi sindipangira taxi, nde tintchito ting'onoting'ono ngati kusintha ma brake pad, kusintha oyilo, kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndikufuna ndizipanga ndekha pakhomo Loweruka, chifukwa kugalaja ntchito yoti ndi ya kanthawi kochepa umaswerako tsiku lonse kudikira amalize kaye ya bwana wina amene wakupeza uli pomwepo. Jeke imene inabwera ndi galimotoyi ndi ya sizasi ija yopukusa, ulusi wake watha ndipo ikamakwera imapendekeka moti ndimachita kuima patali.

Ndazungulira m'mashopu a ma spare ndi a hardware mtauni muno ndapeza mitundu iwiri ya jeke za trolley, zija za timatayala zopopa ndi mpini. Ina ndi kakang'ono kokhala m'chikesi cha pulasitiki, palembedwa 2 ton, utha kukanyamula ndi dzanja limodzi. Ina ndi chijeke cha 3 ton cha mpini wautali, cholemera zedi, mtengo wake nde musanene. Wogulitsa aliyense akungoyamikira imene ali nayo. Komanso alamu anga a ku Rumphi ali ndi Hilux double cab ndipo akabwera amagonera kuno, nde ndimaganiza kuti ndikagula ikhale yoti ingathandizenso iwowo. Pakhomo panga ndi padothi, potsetsereka pang'ono, palibe simenti kupatula pakhonde. Ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama.

Mdala_wa_Luwinga analemba:

Bambo a Wongani, ine ndinayamba kugona pansi pa magalimoto nthawi ya ma Peugeot 504 nde mundilole ndilankhule motalikirapo.

Za matanizo iwalani kaye. Anthu akamagula jeke maso amathamangira pa nambala ya pa sitika, koma Sienta yanuyo yonse yathunthu ndi makilo 1,200 ndi kanthu, ndipo jeke sinyamula galimoto yonse, imanyamula ngodya imodzi, kapena mukaika pakati imanyamula kutsogolo kokha komwe pa galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo ngati yanuyo kumatenga pafupifupi 60 peresenti ya kulemera. Ndiye kuti makilo 700 kapena 800 basi. Ya 2 ton ikukwana mpaka kutsala. Ife tinaphunzitsidwa kuti jeke izitha kunyamula magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa galimoto, nde olo Hilux ya alamu anuyo imene ili cha m'ma tani 2, tikanena za kulemera kokha ya 2 ton yeniyeni siingalephere.

Nkhani yagona pa msinkhu, kuti jekeyo imatsika kufika pati ndipo imakwera kufika pati. Manambala awiriwa amalembedwa pa katoni kapena m'mbali mwa jeke ndipo ogulitsa sakuuzani chifukwa ambiri sanagwirepo sipanala. Tijeke ta m'chikesi timayambira cha m'ma 13 kapena 14 cm ndipo timathera cha m'ma 33 mpaka 35 cm. Zazikuluzo zambiri zimafika 46 mpaka 50 cm. Palinso zina zogona pansi zimene amati low profile, zimayambira pa 8 kapena 9 cm, za magalimoto otsika kwambiri. Inu tengani tepi, imikani galimoto pafulati, yezani kuchokera pansi kufika pamene jeke imagwira, kenako muchotsereko chifukwa tsiku limene tayala laphwa galimoto imakhala itatsika ndipo jeke imene imalowa bwinobwino tayala lili ndi mpweya imakana kulowa. Izo ndi za pansi. Za pamwamba ndi izi, galimoto ikamakwera tayala silinyamuka nthawi yomweyo, masipuling'i ndi mashoko amayamba atambasuka kaye, nde mumapopa mumapopa bodi ikukwera tayala lili phee padothi. Pa Sienta ka 33 cm kamakwanitsa kuchotsa tayala, koma ma stand (zitsulo zogwirizira galimoto ikakwezedwa) ang'onoang'ono amayambira cha m'ma 27 kapena 28 cm nde mpata wolowetsera stand umakhala wochepa kwambiri. Pa Hilux chesisi ili kale m'mwamba, kajekeko kamafika pamapeto pake tayala lakutsogolo lisanasiyane ndi dothi, pokhapokha kumbuyo mutakwezera pa ekiselo.

Ndatchula ma stand dala. Jeke ndi yokwezera basi, yogwirizira galimoto ndi stand. Mkati mwa jeke ya hayidiroliki galimoto yonseyo imakhala yatsamira pa oyilo amene watsekeredwa ndi kamphira kakang'ono ndi kampira ka chitsulo, chimodzi chikalola sichichenjeza. Ngati ndalama yanu ikukwana chijeke cha 3 ton chokha popanda ma stand, gulani kakang'onoko ndi ma stand awiri. Ngati ikukwana chachikulu ndi ma stand, tengani chachikulu, chimakhala chotambalala pansi sichigwedera ndipo mpini wautali umakuthandizani kupopa mutaima kunja osati mutu uli mkati mwa madigadi.

NyaKatoto analemba:

Madala anena zoona koma kakang'onoko musakanyoze kwambiri ayi. Ine ndili ndi Passo ndipo ndili nako ka 2 ton ka m'chikesi, kamakhala mu buti nthawi zonse. Chijeke chachikulucho ndi makilo 30 ndi kaya, mukachinyamula bwanji mukapontcha pa Chikangawa usiku nkhungu ili tolo? Kanga kamalemera mwina makilo 9 kapena 10, ndimakatsitsa ndekha osadikira kuti adutse mwamuna wachifundo kkkk. Ndipo kusintha tayala ndi kameneka ndi kosavuta kusiyana ndi kupukusa ka sizasi kaja maondo ali m'matope.

Kuipa kwake nako ndikuuzani, kambale kake ka pamwamba kamene kamagwira galimoto ndi kakang'ono komanso ndi chitsulo chokhachokha, nde pa galimoto zathu zing'onozing'onozi pamene pali mzere wa chitsulo chopyapyala pansi pa zitseko kamaupinda ndi kukanda penti, kenako ndi mvula ya kuno dzimbiri limayambira pomwepo. Ine anyamata osoka matayala anandidulira kachidutswa ka mphira ya tayala lakale la lole nkuboola kamzere pakati, ndimaika pakambalepo ndipo vuto linatha. Pa mzere umenewo yang'anani timano tiwiri, pafupi ndi tayala lakutsogolo ndi pafupi ndi lakumbuyo, pakati pa timanoto ndi pamene analimbitsa kuti jeke izigwira. Mpini wake ndi waufupinso, umapopa kambirimbiri.

Za Hilux ya alamu nde aaa achimwene, alamuwo galimoto yawo inabwera ndi jeke yake ya botolo, asakugulitseni chitsulo chodula chifukwa cha mlendo wobwera pa Khirisimasi.

Rasta_wa_Zolozolo analemba:

Ma stand ma stand chani akulu, dola ikuvuta iyi. Kweza ndi jeke, sanja njerwa zinayi pansi, basi lowa ugwire ntchito. Ife kuno timatero daily ndipo tilipo kkkkk

Mdala_wa_Luwinga analemba:

Iwe Rasta usaphetse anthu. Njerwa zathu zowotcha pa uvuni zija zina ukangoziponya pansi zimasweka, nde uziike pansi pa chitsulo chosongoka chonyamula theka la tani? Njerwa ndi ma block a simenti sizipindika kaye kuti uone kuti zinthu zikulakwika, zimangophulika kamodzi. Ma block aja nde oipitsitsa chifukwa ndi obowoka mkati. Ngati munthu alibiretu stand, bola zigobo za mtengo wolimba ngati bulugamu, zodulidwa bwino zafulati mbali zonse, zosanjidwa mopingasa, osati timatabwa ta paini tonyowa. Ndipo tayala limene mwachotsalo musaliimike pakhoma, ligonekeni pansi pa galimoto cha pansi pa chitseko, kuti zikavuta galimoto igwere pa limu osati pachifuwa panu. Zimenezi n'zaulere, sizifuna dola.

Ndiwonjezere za kutchinga matayala poti a Wongani anena kuti pakhomo ndi potsetsereka. Handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, giya ya P pa Sienta imagwira akutsogolo okha. Mukakweza kumbuyo ndiye kuti handibuleki ilibenso ntchito, mukakweza kutsogolo P ilibenso ntchito. Nde matayala amene atsala pansi muwatchinge kutsogolo ndi kumbuyo ndi zigobo zosema mosongoka mbali imodzi ngati nkhwangwa. Koma kunena zoona potsetsereka sipokwezerapo galimoto, fufuzani pafulati olo kukhale kwa aneba.

Fundi_Mchengautuwa analemba:

Ine ndine wowotcherera, si makaniko, koma pali chinthu chimene simunachifotokoze bwino ndipo kwa a Wongani ndi chachikulu kuposa zonse mwanenazi, dothi. Jeke ya trolley ili ndi matayala osati chifukwa choti muziikoka mosavuta chabe ayi. Mkono wake ukamakwera suyenda choongoka, umayenda mokhota kubwerera cha kumene kuli mpini, nde kuti kambale kakhalebe pamalo amodzi pansi pa galimoto jeke yonseyo imayenera iziyenda pang'onopang'ono kulowa mkati. Pa simenti imayenda yokha simuzindikira n'komwe. Padothi timatayala take tachitsulo timatitimira, jeke imakanirira pamodzimodzi, ndiye m'malo moti jeke iyende imayamba kukoka galimoto kapena kambale kamatsetsereka nkuchoka pamene munaika. Ndi dothi la ku Chibavi mwezi wa February kapena March nde musayerekeze n'komwe, pamwamba pamaoneka pouma koma pansi ndi phala.

Njira zilipo. Yachidule ndi kupeza chitsulo chafulati chokhuthala, kapena bolodi yokhuthala ya 18 mm kupita m'mwamba, yotalika kuposa jeke kuti ipeze poyenda, ndi tizidutswa tina toika pansi pa ma stand chifukwa miyendo ya stand nayo imalowa m'dothi ndipo ukalowa mwendo umodzi stand yapendekeka. Njira yeniyeni ndi kuthira kasilabu ka konkiliti pamene mumaimika galimoto, kafulati koyezedwa ndi levulo, kokhuthala masentimita 10, mukatero mwathana nazonso za matope pokwera galimoto m'mawa. Ndikudziwa simenti yakwera mtengo koma ine ndikanakhala inu ndikanayamba silabu, jeke pambuyo.

Ndipo ngati silabu palibe ndipo simukuganiza zothira, ganiziraninso jeke ya botolo. Imakwera choongoka siifuna kuyenda, pa thabwa lokhuthala imakhala bwino, ndi yotchipa komanso kwa Hilux ndi yoyenera. Vuto lake ndi loti ndi yaitali ikakhala yotsitsa, pansi pa Sienta tayala litaphwa mwina singalowe, nde tepi ija madala anena igwirenso ntchito apa.

Za ma stand anthu amabwera kwa ine kuti ndiwapangire. Ndimapanga, koma ndi paipi yokhuthala ndi pini wa bawuti yolimba, ndipo ndimakana akabwera ndi tizitsulo ta bedi lakale kuti ndilumikize. Mukagula a m'shopu onani ngati matani alembedwawo ndi a stand imodzi kapena awiri pamodzi, ambiri amawerengera peyala.

Bambo_a_Wongani (Chibavi) analemba:

Yewo chomene nonse, ndaphunzira zambiri. Ndayeza ndi tepi monga munanenera madala, kakang'ono kaja kakulowa bwinobwino pansi pa zitseko, koma pakati kutsogolo ndikuona ngati mpini uzigunda bampa chifukwa pogwira pake pali mkati kwambiri. A Fundi mwandiopseza ndi nkhani ya dothi, sindinaganizeko. Pakhonde galimoto siingafike koma kuseri kuli malo afulati pamene tinkafuna kumanga kitchini, mwina ndithira pamenepo.

Tsopano pali zina. Mnzanga wa kuntchito akuti ali ndi chijeke chachikulu cha 3 ton chimene anasiyiridwa ndi achimwene ake amene anali ndi galaja, akugulitsa motchipa kuposa kakang'ono katsopano. Koma wanena yekha kuti chimatsika chokha pang'onopang'ono ndipo akuti ndingothiramo brake fluid chikhala bho. Kodi zimenezi n'zoona? Ndipo ndikapita kukachiona ndiyang'ane chani?

Mdala_wa_Luwinga analemba:

Brake fluid ayi, ayi ndithu. Mphira za mu jeke anazipangira oyilo wa hayidiroliki, brake fluid amazitupitsa nkuzifewetsa mpaka zimanyenyeka, komanso amayamwa chinyezi nde mkati mumachita dzimbiri. Mufunse bwino ngati mnzanuyo sanathiremo kale, ngati anathira ndiye kuti masili onse, mphira zotsekera oyilo zija, ndi osintha. Oyilo wa injini nayenso ndi wolimba, m'mawa wa June kuno kukuzizira jeke imachita ulesi kukwera ndi kutsika komwe. Funsani hydraulic jack oil, kapena oyilo wa hayidiroliki wopepuka wa nambala 32, botolo laling'ono limakwana.

Kutsika yokha kuli ndi zifukwa zingapo ndipo zina ndi zazing'ono. Pena ndi valavu yotsitsira imene sikutsekeka bwino chifukwa cha kachitsotso, pena oyilo wachepa, pena mwalowa mpweya, pena ndi sili yaikulu ya pisitoni yatha. Mpweya umadziwika chifukwa mpini umamveka wofewa ndipo jeke siifika pamwamba. Kuuchotsa kwake, tsegulani valavu yotsitsira, jeke ikhale pansi yopanda katundu, popani mpini mwachangu kangapo, kenako tsegulani kachitsekero ka pothirira oyilo mpweya utuluke. Oyilo amathiridwa jeke ili yotsitsa ndiponso pafulati, kufika cha pakamwa pa bowolo osati kusefukira. Pali kasikuluwu kena kamene nthawi zambiri kamakhala kophimbidwa ndipo amalemba kuti musakhudze, ndi valavu yoteteza kuti jeke isanyamule zopyola mphamvu yake, anyamata ena amakamanga kuti eti jeke ikhale ndi mphamvu, kasiyeni momwemo.

Mukapita kukachiona pitani ndi galimoto yanu. Chipopeni chopanda kanthu mpaka pamwamba muone chitsulo chonyezimira chimene chimatuluka mu silinda, ngati chili ndi dzimbiri lokumbika kapena mikwingwirima yozama chisiyeni, chifukwa sili yatsopano iliyonse idzadulidwa pomwepo. Yang'anani pansi ngati pali oyilo wodontha, onani malata a m'mbali ngati sanapindike, onani ngati wina anawotchererapo pa mkono, gwedezani mkonowo uku ndi uku muone ngati mapini sanadyeke, matayala onse azizungulira. Mukatero kwezani ngodya imodzi ya Sienta, yezani ndi tepi, khalani mphindi 10 kapena 15 mukucheza osalowa pansi, muyezenso. Pomaliza tsitsani, ndipo apa mpamene ndimadziwira jeke yabwino, mukapotoza mpini pang'ono galimoto izitsika mwaulemu, osati kukana kukana kenako nkugwa kamodzi. Mayeso omwewa muchite olo pa yatsopano ya m'shopu ngati akulolani, chifukwa sitika yolemba 3 ton aliyense atha kumata. Ziwiri zolembedwa matani ofanana, tengani yolemera ndi ya malata okhuthala.

Ngati chitsulo chili bwino ndipo vuto ndi masili okha, jeke zakale za m'magalaja zimakhala zolimba kuposa zambiri zatsopanozi. Chotsani masili akalewo mupite nawo kwa ogulitsa ma O-ring ndi zida za mathirakitala akakuyezereni, osangogula pongoyerekeza ndi maso.

Za kukweza pakati zija, samalani pamene mukuika. Kutsogolo ndi pa chitsulo chokhuthala chopingasa chimene chimanyamula injini ndi ma arm, osati pa sampu ya oyilo, osati pa giyabokosi, osati pansi pa rediyeta. Sampu ndi lata, mukaipinda mwatseka poyamwira oyilo. Ndipo manati a tayala muziyamba mwawamasula pang'ono galimoto ili pansi, pomanga mumange modumphadumpha osati motsatana, kumaliza kulimbitsa itatsika. Toyota zing'onozing'onozi zimafuna 103 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), si zoti mpaka kuimirira pa sipanala.

NyaKatoto analemba:

Madala mwaiwala kunena kuti akamaliza aziisunga yotsitsa komanso m'nyumba, osati pakhonde. Chinyezi cha Mzuzu mukuchidziwa, chitsulo chonyezimira chija chikakhala panja miyezi ya mvula chiyamba madontho a dzimbiri. Ndipo ana, Wongani wanuyo ndi anzake akaona chinthu cha matayala ndi mpini aziyesa njinga, muzichotsa mpiniwo nkuubisa.

Koma inetu ndikadali pa mawu anga, olo mugule chachikulucho mu buti mukhalebe kena kake. Msewu wa ku Nkhata Bay kapena ku Chiweta simupita ndi chijeke cha galaja. Ka sizasi kena kabwinobwino mupeza kwa ophwasula magalimoto.

Rasta_wa_Zolozolo analemba:

Chabwino madala ndamva, njerwa ndasiya kkkk. A Fundi ma stand awiri mungandipangire zingati, ndili ndi paipi ya mjigo yakale kuno

Fundi_Mchengautuwa analemba:

Bwera nayo ndiione kaye kukhuthala kwake Rasta, ya mjigo ina imakhala itadyeka mkati. A Wongani, silabuyo mukathira musaimikepo galimoto msanga, muzithirira madzi tsiku lililonse sabata yoyamba ndipo jeke isakhudzepo mpaka patatha masiku 28, timatayala tachitsulo tija timakumba konkiliti yaiwisi.

Bambo_a_Wongani (Chibavi) analemba:

Ndamufunsa mnzanga uja, akuti brake fluid sanathiremo, anangomva kwa anthu. Ndikachiona Loweruka ndi tepi yanga. Madala ngati muli pafupi ndi Luwinga masana ndingakudutsireni kuti mukachione ndi maso anu, fanta ndi yanga. A Fundi ndikufunanso ma stand awiri ndi kachitsulo kafulati kaja koika pansi poti silabu ndi ya mwezi wamawa malipiro akalowa, ndilembereni ku inbox mtengo wake.